Masiku Khumi a Galu wa Amalume

Galu amene analuma mwana wanga anali wa amalume, mlongo wawo wa mayi anga. Galuyo anali wamkazi, wofiirira, ndipo dzina analibe. Kwathu ku Domasi masiku amenewo, zaka zoyamba za matipate, galu wa anthu ngati ife anali ndi ntchito imodzi, kuopseza anyani otsika kuphiri chimanga chikayamba kukhwima. Amalume anamumanga ndi waya pamtengo wa mango pakati pa munda wawo kuyambira mu Januwale, ndipo chakudya ankamupatsa akakumbukira. Sikuti anali munthu wankhanza. Anali mkulu wa mpingo, munthu woti akapeza mwana akulira panjira amaima n'kufunsa chavuta n'chiyani. Koma monga aliyense m'mudzimo, ankakhulupirira kuti galu ukamudyetsa amangogona, anyani n'kumakolola. Ndisaname, inenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Ine ndinkasoka mayunifomu pakhonde. Bambo a ana anga ankagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo ndipo ankabwera patalipatali, choncho za pakhomo zonse zinali pamutu panga. Tsiku limenelo, Lachiwiri lina mu Febuluwale, mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri anabwera kuchokera kusukulu ya ku Mishoni atanyamula dzanja lake m'mwamba, magazi akutsikira kuchigongono. Mano anali atalowa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Anangoti galu wa agogo, kenako n'kuyamba kulira.

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amene anakhala nane amadziwa. Ndinathamangira kumunda kuja ndi miyala m'manja, ndinagenda galuyo mpaka miyala inatha, ndipo ndinakuwa kuti mudzi wonse umve kuti chinyama chimenechi chisaone dzuwa la mawa. Mudzi unamvadi. Amalume anafika akupuma movutikira, atavala kale jekete chifukwa ankapita kukatsogolera mapemphero pamaliro ku Naisi. Anameta ubweya kumchira kwa galuyo, anauwotcha, n'kupaka phulusa lake pabala, monga tinkachitira tonse. Mdzukulu wawoyu ankamunena kuti mkazi wawo, mmene agogo amaselewulira adzukulu, koma tsiku limenelo sanamutchule choncho. Anandiuza kuti akangobwera kumaliro athana naye galuyo, ndipo ine ndinati zikomo.

Kuchipatala anamwino anandikalipira chifukwa cha phulusalo. Anatsuka balalo ndi sopo nthawi yaitali, anabaya mwana jakisoni wa kafumbata, kenako anandiuza kuti mankhwala a chiwewe anatha ndipo sakudziwa kuti abwera liti. Anati ngakhale akanakhalapo, sapereka popanda kalata ya alangizi a ziweto. Ndinaberekanso mwana, ngakhale anali atakula kale pobereka, n'kupita kukaofesi kawo kakang'ono pafupi ndi dibi la ng'ombe.

Alangiziwo anali bambo wamfupi, wa imvi zochepa, wovala magambuti ngakhale kunja kukutentha. Anamvetsera nkhani yanga osandidula, kenako anafunsa kuti galuyo ali kuti. Ndinayankha monyadira kuti pofika madzulo akhala atakwiriridwa. Bambo aja anatseka buku, anatulutsa njinga, anakweza mwana pakaliyala, n'kundiuza kuti tiyende msanga, zina andifotokozera m'njira.

Zimene anandifotokozera zinali zosavuta kumva. Galu amene chiwewe chafika kale m'malovu mwake sakhala moyo masiku opitirira khumi. Akatha masiku khumi akudya ndi kumwa madzi, ndiye kuti tsiku limene analuma analibe matendawo, ndipo mwana ali bwino. Koma akaphedwa, mutu wake uyenera kupita ku Blantyre kukapimidwa, ndipo ndi kutentha kumeneku, popanda ayisi, ukafika utawola, osanena kanthu. Zikatero ndikanayamba kuzungulira zipatala kufuna majakisoni amene palibe ankadziwa kumene ali, n'kumakhala miyezi ndikuyang'ana mwana wanga pakhosi nthawi iliyonse akamamwa madzi. Ndili mtsikana ndinaonapo munthu wodwala chiwewe. Zimene ndinaonazo sindizilemba pano, koma nditamva mawu amenewa ndinayamba kuyenda patsogolo pa njinga.

Amalume tinawapeza panjira yotsikira kumtsinje, dzanja lina atagwira waya, lina mpini wa khasu. Galuyo ankawatsatira akudzandira. Alangizi anawapatsa moni mwaulemu wonse, anawafunsa za maliro, kenako anawapempha mpiniwo. Amalume anadabwa kwambiri. Kwa iwo, galu woluma munthu amaphedwa, ndipo mwini wake akachedwa ndiye kuti akunyoza wolumidwayo. Anandiyang'ana ine kuti ndinene, ndipo ndinawauza kuti achite zimene a boma akunena.

Pamenepo m'pamene ndinamuona bwino galuyo. M'mawa muja ndinkangoona mano. Nthiti zinkawerengeka zonse. Waya anali atadya khosi kuzungulira, ndipo m'balamo munali mphutsi. M'makutu munadzaza nkhupakupa, kumsana ubweya unali utathothoka ndi mphere, ndipo pantchafu panali bala latsopano la mwala wanga. Alangizi anamuzungulira kawiri.

“Za chiwewe sindikudziwa,” anatero. “Koma njala yokha imupha asanafike Lachisanu. Ndiye tidzati wafa ndi chiyani?”

Panafunika munthu womusunga. Amalume anali okha pakhomo, akazi awo anali atamwalira, ndipo tsiku lililonse ankakhala ali kuzochitika za mpingo. Alangizi anatembenukira kwa ine.

“Mayi, m'mudzi muno amene akufunitsitsa kuti galuyu akhale moyo ndi inu. Teni deyizi basi.”

Zinandipsetsa mtima chifukwa zinali zoona.

Kuseri kwa nyumba yanga kunali khola la mbuzi lopanda mbuzi. Tinamulowetsa mmenemo. Alangizi anamumanga pakamwa ndi kansalu kotsala posoka, anadula waya ndi pulayala, n'kuchotsa mphutsi imodziimodzi ndi kamtengo. Anandionetsa kutsuka khosilo ndi madzi a mchere, manja nditawaveka majumbo a shuga. Anati phala likhale lamadzimadzi, pang'onopang'ono, katatu patsiku, chifukwa m'mimba mwa njala chakudya chambiri chimabwerera. Madzi asathe m'phale. Mwana asayandikire. Ndipo ndikaona dovu, kapena akuluma mitengo ya khola, kapena mawu ake asintha, ndiwathamangire nthawi yomweyo.

Muyenera kudziwa kuti Febuluwale kwathu ndi mwezi wanji. Nkhokwe zinali zitatha, chimanga cha m'munda chisanache. M'nyumba mwanga tinkadya kamodzi, masana, ndipo madeya amene kale tinkapatsa nkhuku tinali titayamba kusakaniza ndi ufa wathu. Ndiye mayi wina, ine, n'kumakoleza moto katatu patsiku kuphikira galu. Amayi a m'mudzi sakanalola nkhani yokoma chonchi iwadutse. Kumjigo ankandifunsa kuti alendo anga adzuka bwanji, ndiponso ngati amamwa tiyi wa mkaka kapena wopanda. Wina anati nayenso adzabwera kudzandiluma kuti ndizimuphikira. Ndinkawayankha mmene ndikanathera, ndipo pakamwa panga sipachedwa, koma mumtima ndinalibe chosekera.

Masiku awiri oyamba galuyo sanadye. Ananyambita phala kamodzi n'kusanza, kenako anagona pakona mutu uli pansi, maso okha akunditsatira. Ndinkakhala pakhomo pa khola makina osokera ali chete, n'kumamunyengerera ngati khanda, ndikatopa n'kumamutukwana. Ndinamuuza kuti ndi mfiti, kuti akafa ndidzamufukula n'kumuphanso. Sindinadanepo ndi chamoyo chilichonse ngati mmene ndinkadanirana ndi galu ameneyu, ndipo sindinapempherepo chamoyo chilichonse ngati mmene ndinkamupempherera.

Amene anandithandiza anali mayi wachisilamu wa kutsidya kwa msewu, wogulitsa matemba a ku Chilwa, amene ana ake ndinkawasokera. Madzulo a tsiku lachiwiri anabwera ndi kapepala kokulunga mitu ndi fumbi la matemba la pansi pa dengu. Anaima patali ndi khola, anaika kapepalako pamwala.

“Achemwali, ine galu sindimuyandikira, mukudziwa,” anatero. “Koma ana ndili nawo. Thirani m'phalamo.”

Ndinathira. Galuyo anakweza mphuno, anadzikoka ndi miyendo yakutsogolo, n'kudya theka. Sanasanze. Kuyambira tsiku limenelo kapepala kankapezeka pamwala paja madzulo aliwonse.

Alangizi ankabwera masiku ena kudzaona, ndipo njinga yawo ikangoima anthu ankasonkhana. Ambiri ankabwera kudzaonera ine. Koma bambo aja anali ochenjera, anasandutsa kuseri kwa nyumba yanga sukulu. Ankachotsa nkhupakupa anthu akuona, n'kumafotokoza kuti oilo wakuda wa galimoto amene tinkapaka agalu a mphere amawotcha khungu ndipo galu akanyambita amadwala. Anati waya si womangira chamoyo, chingwe cha khonje chilipo. Anati galu wanjala ndi waludzu ndi amene amaluma ana, ndipo wosabayidwa katemera ndi amene amabweretsa chiwewe kuchokera kutchire. Bambo wina anafunsa ngati boma libweretsenso madeya a anthu, popeza a agalu layamba kale kuwaganizira. Anthu anaseka, alangizi nawonso anaseka. Anayankha kuti njala akuidziwa, kwawo nakonso ilipo, koma phale losweka ndi madzi sagula, mthunzinso sagula. Pambuyo pake ndinaona makomo awiri kapena atatu ataika phale la madzi pansi pa mtengo. Enawo anapitiriza monga kale.

Amalume ankabwera m'mawa uliwonse. Ankaima kumapeto kwa bwalo, chipewa chili m'manja, n'kufunsa kuti mwana wadzuka bwanji. Kukhola sankayang'anako. Tsiku lina anabweretsa kabeseni ka madeya a m'nyumba mwawo n'kunena kuti ndi ka ntchito yangayo. Popeza kumunda kunalibe mlonda, ankakhala okha pansi pa mango tsiku lonse, nkhalamba yonse ija, akuimba chitini kuti anyani athawe. Mwana akawathamangira ankangomugwira pamutu, maso ali pabandeji. Nthabwala zawo zonse zinatha.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mwana anadzuka thupi likutentha, akudandaula mutu. Ndinatunga madzi m'kapu n'kumupatsa, maso anga ali pakhosi pake. Anamwa. Ndinathamangira kukhola, ndinathira madzi m'phale, galu anamwa. Ndinabwerera ndi kapu ina. Mwana anati wakhuta madzi, ndipo ndinamukalipira kuti amwe basi, mpaka analira. Kuchipatala anapeza kuti anali malungo, anamupatsa mapiritsi, n'kundiuza kuti chiwewe sichioneka msanga choncho. Ndinamva, koma tsiku lonselo ndinkangoyenda pakati pa kapu ndi phale.

Ali chigonere ndi malungowo m'pamene anandiuza zimene anandibisira. Ndinamufunsa kuti kumunda kwa agogo ankakatani, popeza njira ya kusukulu sidutsa kumeneko. Poyamba anati ndisamumenye. Kuyambira pamene galuyo anamangidwa, iye ankasunga theka la chinangwa chimene ndinkamupatsa popita kusukulu, n'kukamuponyera pobwerera. Tsiku limenelo sanaponye, anafuna kumupatsa pamanja. Galuyo analumphira chinangwacho n'kutengera dzanja limodzi, ndipo atangomva kulira anasiya yekha. Mwanayo sananene chifukwa ankadziwa kuti ndikanamukwapula pomwaza chakudya mwezi wa njala. Ankandidziwa bwino mayi ake. Ndinatuluka panja ndi manyazi aakulu, chifukwa m'mudzi wonse wa akuluakulu opemphera, amene ankadyetsa galu uja anali mwana wa sitandade thu.

Sindikudziwa kuti chidani changa chinatha tsiku liti. Galuyo anayamba kuimirira akamva mapazi anga. Mchira, umene ndinkaganiza kuti ndi wothyoka, unayamba kugwedezeka. Ndikamatsuka khosi sankafunanso kumangidwa pakamwa, ngakhale ndinkamumangabe pomvera alangizi, ndipo ankatsamiritsa mutu pabondo langa mpaka nditamaliza. Bala linayamba kuuma m'mbali. Ndinadzipeza ndikumuuza nkhani, za makasitomala ovuta, za bambo a ana osalemba kalata. Mwana ankaonerera pazenera. Tsiku lina anafunsa ngati masiku akatha galuyo adzakhale wathu. Ndinati tiona, koma mumtima ndinali nditavomera kale, ndipo ndinali nditayamba kumusokera kolala ya nsalu ya kaki yoti isadye khosi. Ndinkaisoka anthu kulibe, wina akabwera n'kuiika pansi pa mayunifomu.

Tsiku la khumi linali Lachisanu. Alangizi anafika masana, anthu anasonkhana monga mwa nthawi zonse, amalume nawonso analipo. Galuyo anadya phala lonse, ananyambita mbale, anamwa madzi, n'kuyamba kudzikanda khutu. Alangizi anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, analemba kalata yawo atatsamiritsa pachishalo cha njinga, n'kundipatsa.

“Mwana wanu ali bwino, mayi. Galuyu alibe chiwewe.”

Ndinangokhala pansi pomwepo, padothi. Sindinalire, koma kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi ndinamva njala. Chimwemwe ngati chimenecho sindinachimvenso.

Alangizi anauza amalume kuti tsiku la katemera likalengezedwa adzapite naye kudibi, azimupatsa chakudya, ndipo waya asamubwezerenso. Amalume anavomera ndi mutu, mwaulemu, monga ankavomerera munthu aliyense wa boma. Kenako anafunsa ngati ntchito ya boma pa galuyu yatha. Alangizi, akukankha kale njinga, anati yatha.

Funsolo ndinalimva, ndipo amalume ndinkawadziwa. Apo m'pamene ndikanayankhula. Koma pabwalo panali amayi omwe aja amene anandimva ndikukuwa kumunda, ndi amene anandiseka kumjigo masiku khumi. Mayi wanji amene amapempha galu woluma mwana wake? Komanso kupempha galuyo pagulu kukanakhala ngati kuuza amalume anga, eni mbumba, kuti analephera kusunga chiweto chawo. Ine amene pakamwa panga sipachedwa ndinakhala chete. Ndinadziuza kuti mawa ndikapita kwawo ndekha, ndikagwada, n'kuwapempha bwinobwino.

M'mawa mwake ndinayamba ndapita kuchipatala kukaonetsa kalata ija ndi kukasintha bandeji. Ndinkafuna za mwana zithe kaye. Pamzere panali anthu ambiri, ndipo tinabwerera dzuwa lili pamutu.

Amalume tinawapeza atakhala pakhonde, pafupi ndi makina anga, atavala jekete ya kutchalitchi. Pambali pawo panali nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo. Anali nazo ziwiri zokha. Nditasuzumira kuseri ndinaona chitseko cha khola chili chotsegula. Ndinauza mwana kuti alowe m'nyumba akasinthe, ine ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

Anayamba ndi kufunsa za kuchipatala. Nditawayankha, anapukuta nkhope ndi kansalu.

“Mwana wanga, ndinakulakwira,” anatero. “Masiku onsewa ndimalephera kukuyang'ana kumaso. Chinyama changa chinavulaza mwana, kenako iweyo n'kumavutika nacho, anthu akukuseka. Ndathana nacho m'mawa, iwe kulibe, kuti mwanayu asaone. Nkhukuyi ndi yopepesera.”

Ndinayang'ana nkhukuyo, ndipo iwo anaganiza kuti ndikudikira kumva zambiri.

“Unamusamala bwino. Anali ndi mphamvu tsopano. Wandivuta.”

Kwa nthawi yoyamba kuyambira tsiku lija nkhope yawo inali yomasuka. Mwana atatuluka anamuitana kuti mkazi wanga, bwera ndione dzanjalo, ndipo mwanayo anapita akuseka, asanadziwe kanthu. Ndinawayang'ana bambo okalamba aja, amene anadikira masiku khumi kuti andichitire chimene ndinawapempha ndekha. Ndinafuna kukuwa, koma wolakwa amene ndikanamukuwira sanali iwo. Mtima unandipweteka kwambiri, ndipo ukundipwetekabe ndikulemba pano.

Ndinagwada. Ndinalandira nkhukuyo ndi manja awiri, ndinawomba m'manja, ndinawauza kuti zikomo amalume, mwatilemekeza. Mwana ndinamuuza madzulo, ndipo sanandiyankhule masiku awiri. Amalume anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka tinawaika m'manda sindinawauze kuti galuyo ndinkamufuna.